Mafunso a mu Labu: Valavu ya HPLC Ikungodontha

Funso: Makina athu a HPLC (olekanitsa ndi kuyeza mankhwala osungunuka m'madzi) ali ndi valavu yobayira sampulo ya Rheodyne 7725, ya mabowo 6. Tikasintha rotor seal, sipatenga nthawi madzi ayambanso kudontha pabowo la singano, ndipo zotsatira za sampulo imodzimodzi sizifanana. Kodi ma seal amene tikugulawa ndi achabechabe? Wogwira ntchito mu labu, Blantyre

Yankho: Kawirikawiri seal ilibe mlandu. Rotor seal ndi kapulasitiki kokhala ndi timipata, kamene kamakhuzana ndi nkhope yolimba ya stator, mbali ya valavu imene sizungulira, nthawi iliyonse mukatembenuza chogwirira kuchoka pa LOAD kupita pa INJECT. Kachitsotso kamodzi kakalowa pakatipo kamakanda mzera kuchokera pabowo lina kukafika pa linzake, ndipo madzi ochokera ku pampu amapeza njira yachidule. Kudonthako n'kumeneko.

Poti kwa inu vutoli likungobwerera, ife tikukayikira stator. Imasuleni, muitsuke, muiyang'ane ndi galasi lokulitsa zinthu. Ngati nkhope yake yakandika kapena yabenthuka, seal yatsopano imadyeka msanga. Sinthani zonse ziwiri. Pobwezeretsa, mangani zomangira zitatu za stator mosinthanasinthana, pang'onopang'ono, kuti ikhale mosapendama. Ambiri akaona kudontha amathamangira kumangitsa chomangira cha pulesha chakutsogolo. Kumangitsa pang'ono kumathandizadi, koma mukanyanya seal imapanikizika n'kutha mwachangu.

Onaninso singano. Valavu imeneyi imafuna singano yosasongoka, ya 22 gauge, yotalika mamilimita 51. Singano yosongoka ya GC (makina ena oyezera, oyendera mpweya) ikalowamo ngakhale kamodzi imatha kuwononga seal ndi stator yomwe. Majekeseni a GC asamasungidwe m'kabati imodzi ndi a HPLC.

Zitsotso zimachokera mbali ziwiri. Sampulo iliyonse isefedwe ndi sefa ya 0.45 µm, kapena 0.2 µm ngati column (kapaipi kolekanitsira mankhwala) ndi ya timibulu tating'ono kwambiri. Ma seal a pampu nawo akamatha amanyenyeka, choncho ikani sefa ya 0.5 µm pakati pa pampu ndi valavu.

Mdani wina ndi mchere wa buffer (mankhwala oteteza kuti mlingo wa asidi m'madzi usasinthe), makamaka phosphate. Makina akagona ndi buffer m'kati, madzi amauma, mchere umasanduka timiyala, ndipo m'mawa mukatembenuza chogwirira mumapera seal ngati pamphero. Mukaweruka tsukani ndi madzi oyera a HPLC choyamba, kenako madzi osakaniza ndi methanol. Osayambira acetonitrile yekha, chifukwa amaundanitsa phosphate pompo. Bowo la singano litsukidwenso ndi mililita imodzi ya madzi, chogwirira chili pa INJECT. Magetsi akathima ntchito ili mkati, kutsuka kumeneku kukhale chinthu choyamba akangoyaka.

Funso: Njira yathu yatsopano yoyezera imafuna pH (muyeso wa asidi m'madzi) 11. Kodi valavu ipirira? Wophunzira, Zomba

Yankho: Zimadalira seal yomwe ilimo. Yobwera ndi mavalavu ambiri achitsulo ndi ya pulasitiki yotchedwa Vespel, yomwe imalimba pa pulesha koma imayamba kudyeka pH ikapitirira 10. Ikani ya Tefzel kapena PEEK, zimene zimapirira pH kuyambira 0 mpaka 14. Tefzel ndi yofewa kuposa Vespel, ndiye musayembekezere kuti ikhalitsa mofanana pa pulesha yokwera.