Musawakhazike pansi mayiwo

Achemwali amene mwafunsa m'gulu lino zowaletsa kumunda mayi anu chifukwa cha BP, musayerekeze kuwaletsa mayiwo. Ife nzeru yomweyo ndi imene inatigwetsera bambo.

Bambo anali munthu wa njinga. Zaka 70 zitakwana ankapalasabe kuchoka ku Khombedza mpaka pa Kamuzu Road, thumba la mtedza lili pa kaliyala. Tsiku limene anawapeza ndi BP, achipatala anangoti achepetse mchere, azimwa mankhwala osadumphitsa. Basi. Koma achimwene athu a ku Joni, eee, ndiye anasanduka dokotala wa pa foni. "Mdala asagwirenso ntchito, ine ndilipo." Njinga analamula kuti igulitsidwe kwa mnyamata wa kabaza, dimba analibwereketsa, n'kutumiza ndalama yogulira mpando. Ife tikati tiyankhule, ankati mukufuna kupha bambo inu, mumatumiza zingati? Wandalama saatsutsa.

Ndiye bambo n'kumangokhala pakhonde ndi wayilesi, kuyambira m'mawa mpaka nkhuku kulowa. Dzinja limodzi lokha miyendo inatha. Akatumba onse phwa, podzuka mpaka agwire chipilala.

M'mawa wina ndikukoleza moto ndinangomva khuu! kubafa, ndowa n'kugubuduka. Kuthamangira, ndinawapeza ali chagada pamiyala, madzi a sopo ali m'maso, mwendo wakumanja utapotokera kunja, ukuoneka waufupi kuposa unzake. Ine mwana wamkazi, bambo anga ali chibadwire. Sanalire ayi. Anangophimba ndi dzanja n'kuti, "Mayi, usaitane anthu, yamba wandiponyera nsalu." Ndinavula chitenje changa n'kuwafunditsa nditayang'ana kumbali, manja akunjenjemera. Mpaka lero ndikamva ndowa ikugwa m'mimba mumandiwawa. Tinawanyamula pachitseko kukafika kumsewu, ndipo pa matola paja bampu iliyonse ankaluma kolala ya malaya. Fupa la m'chiuno linali litathyoka. Anagona kuchipatala mwendo ataumangirira zolemera, ine ndikugona pansi pa bedi, kutaya mikodzo, kuwatembenuza kuopa zilonda. Dokotala wa ku Joni uja? Anatumiza vesi pa WhatsApp.

Wa fiziyo, wachipatala wothandiza odwala kulimbitsa thupi kuti ayendenso, ndi amene anatimasulira kuti munthu wamkulu akangokhala, minofu imafota msanga, ndipo kugwa kumayambira pamenepo. A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati munthu aziyendayenda kapena kugwira ntchito yotulutsako thukuta mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiye kuti 30 pa tsiku masiku asanu. Kwa a zaka 65 kupita m'tsogolo amawonjezera kuti masiku atatu pa sabata azichitako zolimbitsa miyendo kuti asamadzandire. Si za jimu izi. Kudzuka pampando osagwira kanthu, kukhalanso, kudzukanso. Kuima ndi mwendo umodzi atatsamira khoma. Kusesa, kupita kumjigo ndi kandowa kakang'ono, kuyenda wapansi kutchalitchi kapena kumzikiti.

Komatu nanunso musawatayirire. Dzuwa la kuno ku Salima mu Okutobala si lolimira munthu wa BP. Ikamakwana 8 koloko akhale atabwerako, amwe madzi, ndipo tsiku limene adandaule chizungulire kapena mutu, khasulo libiseni ndithu ngakhale akutukwaneni. Zogalauza ndi kusenza matumba lembani aganyu. Kubafa muikeko mtengo wogwirira, miyala ya ndere ija muchotse lero lomwe.

Bambo pano akuyenda ndi ndodo, malire ndi pamtengo wa mango wa kuseri. Achimwene, ndikudziwa muli m'gulu lino. Ndalama ya njinga ija sitinaione.