Musanagule batire lolembedwa 7000 mAh, werengani izi

Achimwene, mwafunsa za foni yanu yomwe mwakhala nayo zaka zitatu, imene masiku ano ikutha moto dzuwa lisanapendeke ngakhale muitchaje mpaka kudzaza, ndipo mwati mwaona pa intaneti batire lolembedwa 7000 mAh pamene lomwe linabwera ndi foniyo ndi la 4000 mAh (mAh ndi muyezo wa kuchuluka kwa moto umene batire lingasunge). Mukufuna kudziwa ngati limenelo n'loyenera kugula, komanso mmene munthu angazindikirire batire lodalirika. Pa funso loyambalo ndikuyankhani mosazungulira kuti musaligule, ndipo ndifotokoza chifukwa chake, poti nambala imeneyi ndi imene imapusitsa anthu ambiri.

Mafoni amakono amayendera mabatire a lithium-ion, ndipo mphamvu zimene batire lotere lingasunge zimadalira kukula kwake ndi mankhwala amene ali m'kati mwake. Malo a batire m'foni yanu anayezedwa kale ndi amene anaipanga, ndipo iwo anaikamo mphamvu zochuluka momwe akanathera, chifukwa kampani iliyonse imafuna kutchuka ndi foni yosunga moto. Tsono wina akabwera ndi batire la msinkhu womwewo ndi makulidwe omwewo n'kunena kuti likusunga mphamvu zotsala pang'ono kuwirikiza kawiri, chimene chasintha ndi pepala lomata pamwamba basi. Botolo la lita imodzi silingalandire malita awiri chifukwa choti mwalembapo nambala ina. Kusiyana kwakung'ono, monga 4200 m'malo mwa 4000, n'kotheka ndithu popeza luso lopangira mabatire limapita patsogolo pang'onopang'ono, koma lofika 7000 liyenera kukhala lonenepa moonekeratu, ngati aja ankagulitsidwa pamodzi ndi chivundikiro chawochawo pa mafoni akale otsegula ndi chikhadabo. M'foni yomata ya masiku ano malo oterowo mulibe.

Kupanikiza mphamvu zambiri m'malo ochepa kulinso ndi ngozi yake. M'kati mwa batire muli kapepala kopyapyala kwambiri kolekanitsa mbali zake ziwiri, ndipo kakabooka mbalizo zimakhudzana, batire n'kutentha mpaka kuyaka. Mu 2016 kampani ya Samsung inachotsa pamsika foni ya Galaxy Note 7 mabatire ake atayamba kugwira moto, ndipo mu Januwale 2017 inafotokoza kuti vuto linali m'kapangidwe ka mabatirewo. Ngati zoterezi zinagwera kampani yokhala ndi akatswiri ndi zipangizo zoyezera, ndikuona kuti si nzeru kuika m'thumba batire lomwe wolipanga sadziwika ngakhale dzina.

Musanataye ndalama, tsimikizani kaye kuti vuto lilidi pa batire. Pa iPhone mumalowa mu Settings, kenako Battery, kenako Battery Health, pomwe mumaona mphamvu zimene zatsala poyerekeza ndi pamene linali latsopano. Apple imanena kuti batire la iPhone 14 ndi mafoni am'mbuyo mwake linapangidwa kuti lizisungabe maperesenti 80 likatchajidwa maulendo athunthu 500, ndipo la iPhone 15 maulendo 1000. Ulendo wathunthu umawerengedwa mukagwiritsa ntchito moto wokwana batire lonse, kaya ndi tsiku limodzi kaya theka lero theka mawa. Pa Android si mafoni onse amene amaonetsa zimenezi, koma pulogalamu ya AccuBattery imatha kuyerekeza mukatchaja kangapo. Foni ikamazima yokha pamene ikuonetsa kuti moto ulipo, kapena nambala ikamadumpha kuchoka pa 40 kufika pa 10 m'mphindi zochepa, batire latopadi. Likatupa mpaka kukankha sikirini kapena chivundikiro, lekani kutchaja nthawi yomweyo, ndipo musalifinye kapena kulibaya.

Tibwere tsopano pa kusankha. Chinthu choyamba kufananitsa ndi nambala ya batire lenilenilo, osati dzina la foni lokha, chifukwa mafoni a mayina ofanana nthawi zina amakhala ndi mabatire osiyana kukula kapena polumikizira. Mabatire a Samsung, mwachitsanzo, nambala zake zimayamba ndi zilembo EB. Chachiwiri ndi mphamvu ya magetsi yolembedwa ndi chilembo V. Pa mabatire ambiri a mafoni mumapeza 3.8 V kapena 3.85 V, ndi malire otchajira a 4.35 V kapena 4.4 V. Nambala zimenezi zifanane ndi za batire lakale, popeza foni imatchaja mpaka pa malire amene inapangidwira, ndipo batire la malire otsikirapo lizidzazidwa mopitirira muyezo tsiku lililonse.

Pali kasamu kakang'ono kamene ndimalimbikitsa aliyense kuchita, chifukwa kamavumbula achinyengo osasamala. Pa batire pamalembedwanso nambala ya Wh, yomwe imapezeka pochulukitsa mAh ndi V kenako n'kugawa ndi 1000. Batire la 4000 mAh pa 3.85 V limapereka 15.4 Wh. La 7000 mAh pa 3.85 V liyenera kulembedwa pafupifupi 27 Wh. Mukapeza pepala likunena 7000 mAh koma pambali pake pakadali 15.4 Wh, ndiye kuti anasintha nambala imodzi n'kuiwala inzake. Nambala zikagwirizana si umboni woti batirelo n'labwino, koma zikatsutsana mwadziwiratu kuti n'lonama.

Chinthu chimene anthu ambiri sachiganizira, chomwe kwa ine n'chofunika kuposa mAh, ndi tsiku limene batirelo linapangidwa. Batire la lithium-ion limakalamba ngakhale lili m'bokosi, makamaka likasungidwa pamalo otentha kapena likasiyidwa lopanda moto kwa nthawi yaitali. Foni ya zaka zitatu ngati yanuyi, batire lake "lenileni" lomwe mungalipeze kwa wogulitsa wamba likhoza kukhala loti linapangidwa nthawi imodzi ndi foniyo n'kukhala pashelefu zaka zonsezi, kapenanso loti linachotsedwa m'foni ina yakufa n'kukutidwa pepala latsopano. Ine ndingasankhe batire lopangidwa m'chaka chomwechino ndi kampani ina yodziwika kusiyana ndi lokhala ndi chizindikiro cha mwini foni koma lokalamba. Funsani tsikulo, ndipo wogulitsa akakana kukuonetsani, pitani kwina.

Kumutu kwa batire kulinso kabolodi kakang'ono koteteza, kamene kamadula magetsi batire likadzaza mopitirira, likatsika mopitirira kapena mawaya akakhudzana, ndipo ambiri amakhalanso ndi kachipangizo kouza foni mmene batire latenthera. Opanga mabatire otchipa amachepetsa ndalama pamenepa, ndipo inu simungazione ndi maso. N'chifukwa chake pamapeto pake mumakhala mukusankha wogulitsa. Malo okonzera mafoni ovomerezedwa ndi kampani yopanga foniyo ndiwo oyamba kuwaganizira. Akasowa kapena mtengo ukakukulirani, funani wogulitsa amene amatchula dzina la wopanga batirelo, amapereka lisiti ndi chitsimikizo cholembedwa cha miyezi ingapo, ndipo amavomera kulandiranso katundu wake. Zizindikiro monga CE, chonena kuti katundu akutsatira malamulo a ku Ulaya, zimasindikizidwa mosavuta ngati mAh yomwe, choncho musazidalire pazokha, ngakhale kuti wopanga weniweni amakhala ndi zikalata zosonyeza kuti mabatire ake anayezedwa motsatira malamulo a chitetezo cha mabatire otchedwa IEC 62133 ndi UN 38.3. Kwa amene ali ndi iPhone, kuyambira pa XS ndi XR foni imaonetsa uthenga woti yalephera kutsimikizira batire ngati silinaikidwe m'njira ya Apple. Uthengawo sukutanthauza kuti batirelo n'loipa, koma wokonza wachilungamo amakuuziranitu.

Kuika kwake kumafunanso chisamaliro, poti batire limamatidwa ndi guluu ndipo kulitokosa ndi chitsulo kukhoza kulibowola. Foni itsegulidwe moto uli pansi pa maperesenti 25, chifukwa batire lodzaza likabooka limayaka mwamphamvu. Pemphani kuona batire latsopano lisanalowe ndi lakale litatuluka, ndipo lakalelo lipite kwa osonkhanitsa zinyalala za zipangizo zamagetsi, osati pamoto kapena m'dzala. Dziwaninso kuti foni ikatsegulidwa sitetezekanso ku madzi monga kale.

Mukalilandira, liyeseni m'masabata oyambirira chitsimikizo chisanathe. Litchajeni mpaka kudzaza, ligwiritseni ntchito monga mwa masiku onse, ndipo muone zimene AccuBattery ikuyerekeza. Kuperewera pang'ono pa nambala yolembedwa si vuto, koma likamaonetsa theka, kapena likamatentha foni ili chikhalire, libwezeni msanga.

Kukhalitsa kwa batire labwinolo kudzadalira kwambiri kutentha. Apple imachenjeza kuti kutentha kopitirira madigiri 35 kukhoza kuwononga batire mosabwezeka, ndipo zimenezi n'zoona pa mafoni a makampani ena onse. Musatchajire foni pansi pa pilo, padzuwa kapena uku mukusewera magemu olemera. Kulisunga pakati pa maperesenti 20 ndi 80 kumachedwetsa kukalamba kwake, ndipo mafoni ambiri atsopano ali ndi poikira malire kuti lisamadzaze mpaka 100. Ngati ntchito yanu imafuna moto woposa umene batire la 4000 mAh lingapereke ngakhale lili latsopano, gulani power bank ya kampani yodziwika muziyenda nayo, chifukwa m'menemo malo osungira mphamvu zowonjezerazo alimodi. Mukalemba pano nambala ya mtundu wa foni yanu pamodzi ndi zonse zolembedwa pa batire lomwe mukufuna kugulalo, ndikuthandizani kuzifananitsa musanalipire.