Bwanji mitengo yomwe ndinaimangirira ndiyo ikuwerama?

FUNSO: Akonzi, mu Januwale ndinawokera mbande za bulugama m'malire mwa munda wanga wa fodya. Poopa mphepo, zina ndinazimangirira ndi luzi ku timitengo timene ndinazika pambali pake, koma luzi litanditheratu zotsalazo ndinangozisiya. Zomangirira zija zinatalika msanga moti ndinkazinyadira. Nditamasula mu Ogasiti, zambiri zinawerama mpaka nsonga kuloza pansi, pamene zosamangirira, ngakhale n'zazifupi, zaima nji ndipo thunthu lake n'lonenepa. Nthaka ndi manyowa n'zimodzimodzi. Kodi ndinalakwitsa pati?
Mlimi wa ku Santhe, Kasungu

YANKHO: Bambo, simunalakwitse pa manyowa kapena pa mbewu. Chimene chinachitika n'chakuti mitengo yomangirirayo munaimana mphepo, ndipo mtengo umafuna kugwedezeka kuti udziwe pamene uyenera kulimbitsa.

Chomera chilibe ubongo, koma chimamva chikakhudzidwa. Mphepo ikachipinda, khungu la maselo a m'tsinde (tizipinda ting'onoting'ono timene timapanga thupi la chomera) limakokeka, ndipo m'kanthawi kochepa kwambiri tizipata tina timatseguka n'kulowetsa mchere wotchedwa kashiamu m'kati mwa maselowo. Kashiamuyo ndiye mthenga. Uthenga ukafika, chomera chimachepetsa kutalika, ndipo chakudya chimene chikanapita kunsonga chimapita kokanenepetsa tsinde, kukhwimitsa ulusi wa m'kati mwake ndi kuzamitsa mizu. Mtengo womangidwa zolimba sulandira uthenga umenewu, choncho umangothamangira kumwamba ngati kuti kulibe chimene chingaugwetse, ndipo tsiku lomwe luzi lachoka, thunthu lowonda lija limalephera kusenza mutu wake womwe.

Zimene mwaona ku Santhe munthu wina anaziona kale ku England. Mu 1803, Thomas Andrew Knight anafotokoza mmene anamangirira mitengo ing'onoing'ono ya maapozi m'njira yoti mbali ya m'munsi isagwedezeke pamene ya kumtunda ikuyenda ndi mphepo. Mbali yogwedezekayo inanenepa kwambiri, koma yomangidwayo inangowonjezeka pang'ono. Mtengo wina anaulola kugwedezekera kumpoto ndi kum'mwera kokha, ndipo thunthu lake linanenepera mbali zomwezo. Kenaka mu 1973, katswiri wina wa ku America, Mordecai Jaffe, anasonyeza kuti ngakhale kungosisita tsinde la chomera ndi zala kwa kanthawi kochepa tsiku lililonse kumachifupikitsa, ndipo khalidweli analipatsa dzina lalitali lakuti thigmomorphogenesis, limene ndikukhulupirira kuti simudzalifuna kumunda.

Nkhani imene imandisangalatsa kwambiri ndi ya mu 1990. Janet Braam, ali pa yunivesite ya Stanford ku America, ankapopera mankhwala pa kachitsamba kotchedwa Arabidopsis kuti aone mmene kangasinthire. Anadabwa kuona kuti tomera timene anapopera madzi okha tinasinthanso chimodzimodzi. Chimene chinkadzutsa majini, ndikunena za malangizo a chibadwa a m'maselo osati ziwanda ayi, sanali mankhwalawo koma kumenya kwa madontho pamasamba. Pasanathe mphindi 30, majini ena anali atayamba kugwira ntchito kuwirikiza mpaka ka 100. Ndiye kuti ngakhale mvula ikamagwa, chomera chimaimva ndipo chimachitapo kanthu.

Monga mlimi wa fodya, muli nawo umboni wina pa nazale yanu. Mbande za pakati pa bedi lothithikana, zimene zikupikisana pofuna dzuwa ndiponso zatchingidwa ku mphepo, zimakonda kukhala zazitali ndi zanthete, pamene za m'mphepete, momwe mumadutsa mphepo ndi miyendo ya wothirira, zimakhala zazifupi ndi zojintcha. Ambiri amaziona zazifupizo ngati zotsalira, komatu ndi zimene zimapirira tsiku lowokera. Alimi a ku Japan anazindikira zimenezi kalekale, moti amapondaponda dala tirigu ndi balere akadali aang'ono kuti aphuke mapesi ambiri ndiponso asadzagwe. Sindikunena kuti mukaponde fodya, chifukwa tsinde lake silili ngati la tirigu ndipo lingathyoke.

Si kukhudza konse kumene kumafupikitsa. Onani kachingwe ka dzungu kakakhudza phesi la chimanga: mbali imene yakhudza imakula pang'onopang'ono, ya kunja imakula mofulumira, ndipo kusiyana kumeneko n'kumene kumakapotokola mpaka kukulunga phesilo. Muzu nawonso ukagunda mwala umakhota n'kuulambalala, zomwe katswiri wa sayansi Charles Darwin ndi mwana wake Francis anazifotokoza mu 1880.

Tsopano za mitengo yanu. Imene yawerama musaimangenso zolimba monga poyamba. Zikani chikhomo chachifupi, chosapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wa mtengowo, ndipo mumange momasuka ndi kansalu kapena mphira wa chubu cha njinga, kuti tsinde lisazuke koma mutu uzitha kuyenda ndi mphepo. Luzi louma ndi waya zimadya khungwa mtengo ukamanenepa, choncho muziyendera mfundozo. Mukaona kuti mtengo waima paokha, masulani, ndipo nthawi zambiri nyengo imodzi ya mvula imakwanira. Bulugama amaphukira bwino, moti umene wapindikiratu mukhoza kuudula m'munsi kuti utulutse mphukira zatsopano, n'kusiyapo imodzi yowongoka.

Pa mbande za tomato, alimi ena amayendetsa kamtengo kosalala kapena dzanja pamwamba pa nsonga kangapo tsiku lililonse kuti zikhale zazifupi ndi zolimba, ndipo njirayi imagwiradi ntchito. Koma samalani, chifukwa matenda a mozeki a fodya, omwe amapangitsa masamba kukhala ndi mawangamawanga, amayenda ndi manja ndipo amagwiranso tomato. Sambani m'manja ndi sopo musanakhudze bedi, musagwire mbande mutangochoka kogwira fodya wouma kapena ndudu, ndipo dikirani mame aume kaye.