Kubwera Kumudzi pa Khirisimasi: Yambani ndi Kutsidya kwa Shire

Mayi wina wa ku Makhanga amene wakhala ku Joni zaka 6 wanditumizira imelo. Akuti: "Achimwene, abwana andipatsa masabata atatu kuyambira pa 15 Disembala. Tikubwera pa basi ndi amuna anga ndi mwana wathu wa zaka 4 amene sanapondepo ku Malawi. Amuna anga kwawo n'ku Nchalo, amayi ali ku Makhanga, azakhali ali pa boma ku Nsanje, anzanga a kusukulu ali ku Ngabu. Aliyense akuti tikafike kwake. Ndiyambire kuti, nanga ndinyamule chiyani?"

Achemwali, yambani ndi amayi.

Ndikudziwa kuti pa mwambo wathu wa Chisena, mkazi wolowoledwa sangadutse pakhomo pa apongozi ngati sakupadziwa. Ndiye mukatsika mapiri a Chikwawa, n'kudutsa pa Thabwa ndi pa mlatho wa Kamuzu, tsikani pa Nchalo. Agogo amuone mdzukulu wawo, mugone usiku umodzi, kenako amuna anu afotokoze okha kwa makolo awo kuti mukuthamangira kutsidya madzi asanakwere, mudzabwerera kudzakhalitsa. Mawu amenewa atuluke pakamwa pa mwana wawo, osati panu.

Chifukwa chake ndi mtsinje. Nchalo, Ngabu, Bangula ndi boma la Nsanje zonse zili m'mbali mwa msewu wa M1, minibasi zimayenda tsiku lililonse. Makhanga ndi nkhani ina. Chikokolokereni njira yowolokera pa Mtayamoyo, wochokera ku Bangula amadalira boti kapena bwato, ndipo msewu wa East Bank wochokera pa Thabwa umadutsa timitsinje tambiri totsika m'mapiri a Thyolo, tomwe timadzaza mwadzidzidzi. Mwina zaka za ku Joni zakuiwalitsani kuti madzi otivutitsa kuno si a mvula yathu yokha. Mtsinje wa Ruo umachokera ku Mulanje. Kukhoza kukhala dzuwa la phwee ku Makhanga, mvula itagwa usiku wonse kumtunda, m'mawa n'kudzuka doko palibe. Mu Januwale 2015 anthu a kwanuko ankawapulumutsa pa helikoputala ndi maboti. Namondwe Ana anafikanso mu Januwale 2022, n'kudula M1 m'Chikwawa ndi kuimitsa magetsi a ku Kapichira. Freddy anabwera mu Malichi 2023. Chaka chilichonse chili ndi zake, koma mukachedwa, mwayi wotsekeredwa umakula. Ine ndinagonapo masiku atatu pa Bangula, tikiti yobwerera ili m'thumba, ndikungoyang'ana madzi.

Komanso masabata atatuwo si atatu enieni. Basi yochoka ku Park Station ku Joni imadutsa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka pa Mwanza, ndipo mu Disembala mzere wa pa Beitbridge wokha umatha kudya theka la tsiku kapena kuposa. Chotsani masiku awiri kapena atatu pobwera, enanso otero pobwerera. Tikiti yobwerera gulirani limodzi, chifukwa kumayambiriro kwa Januwale aliyense amathamangira ku ntchito. Musananyamuke onetsetsaninso ziphaso: amene anapitirira masiku ake ku South Africa amamudinda potuluka, n'kumuletsa kubwerera kwa chaka chimodzi mpaka zaka 5.

Za katundu. Pano ndilankhula zimene ena sakonda kumva. Disembala mpaka Febuluwale ndi miyezi ya njala kuno ku chigwa. Nkhokwe zambiri zimakhala zitauma, ena amafika pokafukula nyika m'dambo. Mukafika ndi zikwama za mabulangete ndi nsapato za ana, anthu adzanena takhuta, koma madzulo poto adzakhala yemweyo. Bulangete ku Nsanje, kumene kutentha kumafika madigiri 40, lidzangogona m'sutikesi kudikira Juni. Nyamulani zochepa zokondweretsa ana ndi nsalu ya amayi ndi ya apongozi, zofanana ndithu, chifukwa nkhani idzawoloka mtsinje musanawoloke inu. Ndalama yotsalayo mudzagule matumba a chimanga kuno, mafuta ophikira, shuga, sopo, ndi mbuzi imodzi ya pa Khirisimasi. Mukatero mupewanso kulipira katundu pa basi ndi msonkho pa Mwanza. Ndalama ya amayi muwapatse m'nyumba muli awiri, osati pakhonde pagulu.

Azakhali a ku Nsanje apatseni tsiku limodzi, kupita m'mawa kubwerako madzulo. Anzanu a ku Ngabu musawayendere khomo ndi khomo pa kabaza dzuwa lili paliwombo. Auzeni pa WhatsApp tsiku ndi malo amodzi, abwere okha. Wokufunani adzabwera, wofuna chikwama adzatumiza uthenga wodandaula.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mwanayo. Ku Johannesburg kulibe malungo, ndiye thupi lake silinakumaneko nawo, ndipo nanunso chitetezo chimene munali nacho chinachepa pa zaka zimenezi. Kaonaneni ndi dokotala musananyamuke akupatseni mankhwala oteteza, nyamulani neti yanuyanu ndi mafuta othamangitsa udzudzu. Madzi akumwa a mwana muziwiritsa kapena kuthira mankhwala, popeza nyengo ya mvula ndiyo ya kolera. Akangotentha thupi, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo akamuyeze, musayambe ndi panado kudikira mawa. Mukabwerera ku Joni, akadwala ngakhale patapita masabata angapo, uzani dokotala kuti munali ku Malawi.

Mukafika kwa amayi, auzeni akuphikireni nsomba za makakana ndi nsima ya mapira. Mwanayo tsiku loyamba adzakana, musamukalipire.