Tifunseni: Pa ndege za mapisitoni za nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, yothamanga kwambiri inali iti?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ine ndi mnzanga tatha sabata yonse tikutsutsana, iye akuti pa ndege zomenyera nkhondo za pulopela Spitfire ndiye inali ndi liwiro kuposa zonse, ine ndikuti ayi ndi Mustang. Majeti tisawawerengere. Tatiuzeni, akulondola ndani?
Wokonda ndege

YANKHO: Achimwene, funso lanuli landikomera kwabasi, koma mnzanuyo mukayambe mwamufunsa kuti akunena Spitfire yake iti. Pajatu Spitfire Mk I ija inamenya nkhondo kumwamba kwa Britain mu 1940 inkathamanga pafupifupi makilomita 580 pa ola, pomwe Mk XIV ya 1944, imene anaiika injini yayikulu ya Griffon, inkafika cha m'ma 720. P-51D Mustang yanuyo inali cha m'ma 700. Ndiye ngati mnzanuyo amatanthauza Mk XIV ndiye kuti wakupitirirani pang'ono, koma musadandaule, Mustang sinatchuke ndi liwiro lokha ayi, inkatha kuperekeza ndege zoponya mabomba kuchokera ku England mpaka ku Berlin n'kubwerera, zimene Spitfire sikanakwanitsa chifukwa mafuta inkanyamula ochepa.

Komatu panali zina zoposa ziwirizi. P-47M Thunderbolt ya Amereka inkafika pafupifupi 760. Ajeremani anali ndi Focke-Wulf Ta 152H ya cha m'ma 755, komanso Dornier Do 335, ndege yodabwitsa ya mainjini awiri, pulopela wina kutsogolo akukoka wina kumchira akukankha, nayo inali cha m'ma 760 koma anapanga zochepa ndipo nkhondo inatha isanamenye nkhondo yeniyeni.

Chimene ndikufuna mumvetse kwambiri ndi ichi, manambala onsewa alibe tanthauzo ngati simunanene kuti ndegeyo ili m'mwamba bwanji. Kumwamba kwenikweni mpweya ndi wopepuka nde ndege imadutsa mosavuta, koma mpweya wochepa womwewo injini imabanika nawo, mafuta sayaka bwino, mphamvu n'kutsika. Ndi chifukwa chake ankaika supercharger, chipangizo chopopera mpweya wambiri mu injini, ndipo mpikisano weniweni unali pamenepo. Mustang yoyamba ya injini ya Allison inali yabwino pansi koma ikakwera inkafooka, atangoiika injini ya Merlin basi inasanduka ndege ina. Liwiro la 700 lija inkalipeza cha pa mamita 7,600. Ta 152H 755 yakeyo inali ya pa mamita oposa 12,000, kuitsitsa pansi nambala imeneyo muiwale. Pomwe Hawker Tempest mphamvu zake zinali kumunsi, n'chifukwa chake mu 1944 ndi imene ankaituma kuthamangitsa mabomba ouluka a V-1 omwe ankabwera motsika akulunjika London, ndipo inagwetsa oposa 600.

Chinanso, liwiro limene mumaliwerengali nthawi zambiri ndi la ndege yoyesera, yosalala bwinobwino, yopanda mabomba kapena matanki owonjezera kunsi kwa mapiko, injini ataikakamiza mpaka pamapeto. Ajeremani ankapopera madzi osakaniza ndi methanol mu injini kuti iwonjezere mphamvu, koma zinali za mphindi zochepa chabe, kupitiriza injini imawonongeka. Payiloti amene wauluka maola angapo ndi ndege yoti yagwira ntchito miyezi sankaliona liwiro limeneli tsiku ndi tsiku.

Za kutsika chamutu musaziphatikize. Mu April 1944 Anthony Martindale poyesa Spitfire anaitsitsa chamutu mpaka kupitirira makilomita 950 pa ola, pulopela anachita kuthothoka, mwamwayi anatera ali moyo. Pamenepo imakhala ikukokedwa ndi dziko, si injini.

Mwina mwaona kuti zothamanga zonsezi zikungothera cha m'ma 750 ndi 760. Sizinangochitika. Nsonga za pulopela zimathamanga kuposa ndege yeniyeniyo, ndiye zikayandikira liwiro la phokoso zimasiya kugwira mpweya bwino, olo muwonjezere mphamvu bwanji phindu limakhala lochepa. Ndege ya jeti ya Ajeremani, Me 262, inalibe vuto limenelo, inkafika 870.

Mukandikakamiza kuti nditchule imodzi, ine ndisankha P-47M, chifukwa ngakhale anapanga 130 zokha inaulukadi kunkhondo ku Ulaya mu 1945 ndi gulu la 56th Fighter Group, pamene Do 335 inathera pa kuyesedwa. Koma pa mkangano wa inu awiriwo, kamufunseni kaye mnzanuyo za Spitfire ija, akangoti Mk I mwawina ndinu.