Za kokeni ndi Coca-Cola, poyankha achimwene a ku Ndirande

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti kale mu Coca-Cola munkakhala kokeni, komanso chifukwa chake lero munthu akagwidwa naye pa Chileka amanjatidwa. N'zoona ndithu, koma tisiyanitse tsamba la coca ndi ufa wa kokeni, chifukwa ambiri amaziphatikiza.

Coca ndi chitsamba cha kumapiri a Andes, ku Peru, Bolivia ndi Colombia. Eni dera akhala akutafuna masamba ake kwa zaka masauzande. Amaunjika masamba m'tsaya, n'kuthirako kaphulusa kapena kalaimu, basi njala ndi kutopa zimachepa. Mphamvu ya m'tsamba ndi yochepa zedi. Anthu a ku Spain atalanda derali ankanyoza mwambowu, koma ataona kuti okumba siliva m'migodi ya ku Potosí, ku Bolivia, amapirira nawo ntchito, anayamba kuchita nawo malonda n'kumadula msonkho. Ndalama sizinama.

Ufa woyerawo unatulukira ku Germany cha m'ma 1860, pamene Albert Niemann anapatula mankhwalawa m'masamba. Mu 1884 Carl Koller, dokotala wa ku Vienna, anaona kuti akadonthezera m'diso limachita dzanzi, opaleshoni n'kutheka wodwala ali maso. Chaka chomwecho Sigmund Freud, dokotala winanso wa ku Vienna, anawatamanda kwambiri m'zolemba zake. Amalonda sanachedwe. Ku France kunali kale vinyo wa Angelo Mariani wothira coca, ndipo mu 1886 John Pemberton wa ku Atlanta anatulutsa Coca-Cola ngati chakumwa chopatsa mphamvu. Kampaniyo inachotsamo kokeni cha m'ma 1903, ndiye botolo la pagolosale ku Limbe musaliope, vuto lake ndi shuga basi.

Malamulo anabwera mochedwa, anthu ambiri atakodwa kale, madokotala ena omwe. Mayiko anasaina pangano ku The Hague mu 1912, America inakhazikitsa lamulo la Harrison Act mu 1914, kenako pangano la United Nations la 1961 linaika tsamba lenilenilo pamndandanda umodzi ndi ufa, n'kulamula kuti kutafuna kutheretu m'zaka 25. Apa ine ndimaona kuti anawalakwira eni tsamba. Evo Morales, yemwe panthawiyo anali pulezidenti wa Bolivia, anatafuna tsambalo pamsonkhano wa UN ku Vienna mu 2009, ndipo Bolivia inatuluka m'panganolo mu 2012 n'kubwereramo mu 2013 italoledwa kusunga mwambo wake.

Kuno kwathu coca sitilima. Malawi kwenikweni ndi podutsa kokeni, ndipo ogwidwa pabwalo la ndege nthawi zambiri ndi otumidwa, ena atameza timapaketi tokulunga m'pulasitiki. Kamodzi kakaphulikira m'mimba munthu atha kufa asanafike ku Queens, pomwe mwini katundu ali phee kunja. Lamulo lomwe limawagwira ndi Dangerous Drugs Act. Lija la 2020 lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale silikhudza kokeni ngakhale pang'ono.