Mtundu wanga ndi uti, Achewa kapena Amalawi?

Mayi wina wa ku Mchinji wandilembera pa imelo. Akuti azakhali ake amakhala kuseri kwa Mwami, cha ku Chipata. Chilankhulo n'chimodzi, Gule Wamkulu ndi yemweyo, koma chiphaso chimati iwo ndi a ku Zambia. Ndiye akufunsa kuti: "Nanga mtundu wanga weniweni ndi uti?"

Mayi, chosokoneza chili m'mawu athu omwe. Timati mtundu wa Achewa, timatinso mtundu wa Amalawi, mawu amodzi pa zinthu ziwiri. Woyambawo ndi wa magazi ndi mwambo. Pitani ku Mkaika, ku Katete, mu Ogasiti mukaone mafumu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique akulamba kwa Kalonga Gawa Undi, malire ataiwalika.

Wachiwiriwo ndi wa dzana. Malire anajambula ndi azungu pamene Britain inatenga dziko lino mu 1891, ndipo dzina loti Nyasaland linabwera mu 1907. Mtonga wa ku Nkhata Bay ndi Msena wa ku Nsanje analibe mfumu imodzi. Chimene chinawasonkhanitsa ndi mavuto: msonkho wa nyumba, thangata m'minda ya azungu, ulendo wa ku migodi ya ku Joni kumene onse ankangotchedwa Anyasa. Chitaganya cha 1953 ndiye chinamaliza ntchito. Anthu anachikana ndi mtima wonse, ndipo amene anawomberedwa ku Nkhata Bay pa 3 Malichi 1959 sanafere fuko lawo lokha. Ngakhale Nyasaland African Congress, itakhazikitsidwa mu 1944, mtsogoleri wake woyamba anali Levi Mumba wa kumpoto.

Apa ndinenepo maganizo anga, ena akwiye. Titalandira ufulu pa 6 Julaye 1964, tinayamba kusokoneza mitundu iwiriyi. Mu 1968 Chinyanja chinasinthidwa dzina kukhala Chichewa, chinakhala chilankhulo cha dziko, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi mpaka 1994. A Kamuzu ankati akumanga umodzi, koma munthu wa ku Rumphi anamva ngati akumuuza kuti ndi mlendo pakhomo pake. Bala limenelo limaonekabe nthawi ya chisankho, mavoti akamatsata zigawo.

Choncho inu mayi, yonse iwiri ndi yanu. Ndi azakhali anu mumagawana makolo ndi maliro. Ndi Mtumbuka wa ku Rumphi uja mumagawana kwacha ikagwa, mzere wa feteleza ndiponso kulira Flames ikagonja. Mukamapita ku Chipata, chiphaso chokha musaiwale.